Za Anthu a Digiri Ophunzitsa Ana Ang'ono ku America

Munthu wa pansi pa mgodi angathe kukhala zaka khumi alikuboola mwala, naudziwa bwino mwala wolimba ndi mwala wofumbutuka, koma saloledwa kuphulitsa ngakhale bowo limodzi kufikira atalemba mayeso ndi kulandira laisensi ya Boma. Palibe amene ayesa lamulo limeneli cipongwe, pakuti onse adziwa cimene cicitika pamene wosadziwa agwira zophulitsira. Ku America kuli lamulo lofanana nalo pa nchito ina yopanda utsi ndi pfumbi, ndiyo nchito ya kuphunzitsa ana ang'ono. Munthu angakhale ali ndi digiri ya ku yunivesite, kaya ya masamu, kaya ya mbiri yakale, kaya ya malamulo, lamulo silimlola kutenga kalasi ya ana a zaka 6 m'sukulu ya Boma popanda laisensi ya uphunzitsi. Ndipo njira yodziwika ya kuipeza ndiyo kubwerera ku koleji caka cimodzi kapena ziwiri, kukaphunzira kaphunzitsidwe. Nkhani ino ifotokoza m'mene mwambo umenewu unayambira, ndi mkangano umene unabadwa nao pamodzi, umene sunathe kufikira lero lino.

Ku Zambia laisensi yotere ndi imodzi dziko lonse. Lamulo la caka ca 2013 linakhazikitsa Teaching Council of Zambia, bungwe limene lilemba aphunzitsi m'kaundula ndi kuwapatsa setifiketi ya kugwirira nchito. Ku America si tero ai. Dziko la United States liri ndi zigawo 50, ndipo cigawo ciri conse ciri ndi boma lace ndi malamulo ace a sukulu. Laisensi ya ku Texas si ya ku New York; mphunzitsi wosamuka ayenera kupempha ina, ndipo nthawi zina alembanso mayeso. Cifukwa cace mbiri imeneyi siyenda njira imodzi, koma itumphuka apa ndi apo monga madzi a m'dambo.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1800 kunalibe sukulu ya Boma yophunzitsa aphunzitsi. Akulu a mudzi, kawiri-kawiri pamodzi ndi mbusa wa mpingo, anali kuitana munthu wofuna nchito, namfunsa mafunso owerengeka a masamu ndi a kalembedwe ka mau, nayang'ana ngati ali wa makhalidwe abwino, ndiponso ngati ali ndi dzanja lotha kugwira anyamata osamvera. Akakondwera naye anali kumpatsa kalata, ndipo kalatayo ndiyo inali laisensi yace. Malipiro anali ocepa, kotero kuti m'midzi yambiri mphunzitsi analibe nyumba yace-yace, koma anali kugona ndi kudya kwa makolo a ana mosinthana, sabata ino kwa uyu, sabata ya mawa kwa uje. Anyamata ophunzira anali kugwira nchitoyi nyengo imodzi kapena ziwiri pofuna ndalama za kukaphunzira ubusa kapena malamulo, nacoka.

Mmodzi wa amene anaona kuipa kwa zimenezi ndiye Horace Mann, loya wa ku Massachusetts, amene anaikidwa kukhala mlembi wa bungwe la maphunziro la cigawoco m'caka ca 1837. Iye ndi anzace anaumiriza boma lao kutsegula sukulu ya aphunzitsi monga zinali ku Prussia ndi ku France. Inatsegulidwa m'mudzi wa Lexington pa 3 July 1839, ndipo tsiku loyamba kunafika asungwana atatu okha. Mkulu wace, Cyrus Peirce, anali kuphunzitsa maphunziro onse yekha, nayang'aniranso kasukulu ka ana a m'mudzimo kamene ophunzira ace anali kuyeserapo dzanja. Kasukulu kameneka ndiko mbeu ya zambiri zimene zinadza pambuyo, ndilo ganizo lakuti mphunzitsi aphunzire nchito yace pamaso pa ana eni-eni, wina wodziwa alikumpenyerera. Masukulu otere anachedwa normal school, dzina locokera ku Cifalansa, ndipo anaculuka m'dziko lonselo.

Koma pakati pa normal school ndi yunivesite panali phompho lalikulu. Wolowa normal school kawiri-kawiri anali msungwana wa kumidzi, mwana wa mlimi, amene mwina sanatsirize ndi sekondale yomwe. Anali kuphunzira caka cimodzi kapena ziwiri, nalandira malipiro ocepa koposa a mwamuna, ndipo m'matauni ambiri anali kucotsedwa nchito akakwatiwa. Wa digiri anali munthu wa mtundu wina. Iye akafuna uphunzitsi anali kupita ku sekondale kukaphunzitsa Cilatini. Za tiana tosadziwa kumanga nsapato sizinali zace. Anthu anali kuganiza kuti kuphunzitsa a, e, i, o, u ndiko kulera ana cabe, nchito imene mkazi ali yense wofatsa angaithe.

Ana a anthu akuda a m'zigawo za kumwera ndiwo anasauka koposa pa nkhani ya aphunzitsi. M'caka ca 1907 mai wina wacikulire wa ku Philadelphia, Anna Jeanes, anapereka madola 1,000,000 othandizira masukulu ao a kumidzi, ndipo ndalamazo zinalipira aphunzitsi oyendera anzao ndi kuwalangiza pa nchito. Dzina limeneli si lacilendo ku Zambia. Nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zimene mmodzi wa izo anali James Aggrey wa ku Gold Coast, zinayendera dzikoli m'caka ca 1924. Sukulu ya Jeanes inamangidwa ku Mazabuka m'caka ca 1929, nisamukira ku Chalimbana m'caka ca 1939. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mwa anthu oyamba kuitanira eni madigiri ku kalasi ya tiana munali mai Lucy Sprague Mitchell, amene anabadwira ku Chicago m'caka ca 1878 m'banja lolemera. Anaphunzira ku koleji ya Radcliffe, nakhala woyang'anira ophunzira acikazi pa yunivesite ya California ku Berkeley, mpando waulemu ndithu. Koma anausiya, napita ku New York, kumene anatsata ciphunzitso ca John Dewey cakuti mwana aphunzira pocita, si pomvera pokha ai. M'caka ca 1916 iye ndi anzace anayambitsa bungwe lofufuza kakulidwe ka ana, lochedwa Bureau of Educational Experiments. Anali ndi kasukulu kao-kao, m'mene aphunzitsi, dokotala ndi akatswiri a za maganizo anali kulemba tsiku ndi tsiku zimene ana anena ndi zimene acita: m'mene amangira nyumba ndi timatabwa, m'mene akanganirana, ndi mau amene ayamba kulankhula pa msinkhu uli wonse. Atasonkhanitsa zimenezi zaka zoposa khumi anaona kuti nzeruyo iribe phindu ikagona m'mabuku, popanda aphunzitsi oinyamula.

Tsono m'caka ca 1930 bungwelo linasamukira m'nyumba yakale ya kampani ya yisiti, pa nambala 69 mu mseu wochedwa Bank Street, ndipo m'menemo, mogwirizana ndi masukulu angapo, linatsegula sukulu ya aphunzitsi ya caka cimodzi. Ambiri olowamo anali otsiriza kale digiri. Mai Mitchell sanafune kuwaphunzitsanso masamu kapena mbiri, pakuti zimenezo anali nazo. Anafuna kuti amdziwe mwana. Kuyambira Lolemba kufikira Lacinai wophunzira ali yense anali m'kalasi ya mphunzitsi wozolowera, alikuthandiza ndi kupenya. Kumapeto kwa sabata onse anali kusonkhana ku Bank Street kukambirana zimene anaona. Kumeneko anthu akulu-akulu a madigiri anali kukhala pansi kuumba dongo, kujambula, kubvina ndi kupeka tinthano ta ana, kuti alawe okha kubvuta kwa cinthu cimene munthu acicita koyamba, ndi manyazi amene agwira wolephera pamaso pa anzace. Mwina wina angaseke. Koma munthu amene anakhoza mayeso onse moyo wace wonse ndiye amene acedwa kumvetsa cifukwa cace mwana asokoneza b ndi d.

Cina cimene mai ameneyu anacita cikhudza a ku migodi. M'caka ca 1935 dziko linali likali m'kati mwa umphawi waukulu umene unatsata kugwa kwa malonda kwa 1929, womwe uja unatsekanso migodi ingapo ya ku Copperbelt. M'caka cimeneco anatenga ophunzira ace, napita nao ulendo wa masiku angapo ku migodi ya malasha ya pafupi ndi Morgantown, m'cigawo ca West Virginia. Ambiri a iwo anali ana a mabanja opeza bwino a m'mizinda, amene anakula alikuotha malasha osadziwa dzanja limene linawakumba. Kumeneko anaona ndi maso ao nyumba za kampani, amuna osowa nchito ndi ana osowa cakudya, nalankhula ndi anchito a m'migodimo ndi mabanja ao. Ganizo la mai Mitchell linali lakuti mphunzitsi wosadziwa nchito ya atate wa mwana, ndi cimene mwanayo anadya kapena sanadye m'mawa, sangamphunzitse bwino, angakhale ali ndi madigiri atatu. Maulendo otere anapitirira kufikira 1951, kupatula zaka za nkhondo. M'caka ca 1950 boma la New York linalola sukuluyo kupereka digiri yaciwiri, ya Master, nichedwa Bank Street College of Education. Iripo kufikira lero, ngakhale inacoka mu mseu umene unaipatsa dzina.

Yunivesite ya Harvard inayamba zace m'caka ca 1936, pamene mkulu wace James Bryant Conant anakhazikitsa digiri ya Master of Arts in Teaching, koma imeneyo inali ya aphunzitsi a sekondale.

Zonsezi zinali za anthu owerengeka. Cimene cinatsegula khomo kwa ambiri si maganizo a akatswiri ai, koma nkhondo ndi ana. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse aphunzitsi zikwi-zikwi anasiya coko, ena napita ku usilikali, ena ku mafakitale a zida kumene malipiro anali oposa. Ndipo pakutha pa nkhondo aphunzitsi oposa 100,000 anali kugwira nchito ndi makalata a mwadzidzidzi, osafikira pa laisensi yeni-yeni. Asilikali atabwerera kwao anakwatira, ndipo ana anabadwa monga sanabadwirepo kale. M'caka ca 1945 obadwa sanafike 3,000,000. M'caka ca 1954 anapitirira 4,000,000, ndipo sanatsikenso pansi pa ciwerengero cimeneco kufikira caka ca 1965. Obadwa mu 1946 anafika pa khomo la sukulu mu 1952. Masukulu ena anagawa ana pawiri, ena m'mawa, ena masana, monga mashifiti a pa mgodi. Makoleji a aphunzitsi sakanatha kuturutsa anthu okwanira pa nthawi yace. Pamenepo maso anatembenukira kwa anthu amene anali ndi digiri kale, makamaka akazi amene anaphunzira, nakwatiwa, nakhala pa nyumba kulera ana. Munthu wotere anasowa caka cimodzi cokha.

Ndalama zambiri za nchitoyi zinacokera ku cuma ca banja la Ford, eni ace a fakitale ya magalimoto. M'caka ca 1951 bungwe la Ford Foundation linapatula thumba la maphunziro, ndipo thumbalo linayesa kusintha cigawo conse ca Arkansas: wofuna uphunzitsi ayambe watsiriza zaka zinai za maphunziro wamba, ndipo caka cacisanu aphunzire nchito ali m'sukulu. Akulu a makoleji a aphunzitsi anakwiya, nati anthu a ndalama afuna kubwezera dziko ku masiku akale a kuphunzira nchito pa dzanja. Ku Arkansas zinthu sizinazike mizu. Koma ganizo la caka cacisanu linafala, ndipo mayunivesite ambiri, ndi Harvard yomwe, anatsegula njira yotere kwa ofuna kuphunzitsa ana ang'ono.

Pa 4 October 1957 dziko la Soviet Union linaponya Sputnik m'mlengalenga, nilipambana America. Anthu anacita mantha ndi manyazi, nafuna womuimba mlandu, ndipo cala cinaloza makoleji a aphunzitsi. Anati aphunzitsi ataya zaka zinai kuphunzira njira za kuphunzitsira, osadziwa cimene aphunzitse. M'caka ca 1963 munaturuka mabuku awiri, lina la Conant uja, lina la James Koerner, onse odzudzula maphunziro a aphunzitsi. Komabe Conant yemweyo ananenetsa kuti cinthu cimodzi cosayenera kutayidwa ndico kuyesera m'kalasi pamaso pa wodziwa. California inali itatsogola kale. Lamulo lace la 1961 linati mphunzitsi, ngakhale wa ana ang'ono, akhale ndi digiri ya phunziro lina, monga mbiri kapena sayansi, ndi kuonjezapo caka cacisanu. Motero njira wamba ya kukhala mphunzitsi wa pulaimale m'cigawo cimeneco inakhala ya munthu wa digiri wobwerera ku koleji, ndipo ciletso ca digiri ya uphunzitsi wokha cinacotsedwa patapita zaka zoposa 50, m'caka ca 2017.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi coonadi cace. Mphunzitsi woopa masamu aphunzitsa ana kuopa masamu, ndipo palibe njira ya kaphunzitsidwe imene ingabise umbuli. Koma kudziwa kuwerenga ndi kudziwa kuphunzitsa kuwerenga ndi zinthu ziwiri, makamaka m'Cingerezi. M'Cinyanja cilembo a cimveka cimodzi-modzi pali ponse, ndipo mwana wogwira ma, me, mi, mo, mu awerenga mau ambiri m'miyezi yocepa. Cingerezi ciri ndi zilembo 26, koma maliu ace apitirira 40, ndipo cilembo cimodzi cingathe kumveka mitundu itatu kapena inai. Wa digiri awerenga osaganiza, monga munthu ayenda osawerenga mapazi, ndipo sakumbuka m'mene anaphunzirira. Mwana amene sanagwire kuwerenga pofika zaka 8 kapena 9 atsalira m'maphunziro ena onse, pakuti onse adzera m'buku. Akatswiri okha-okha anakangana zaka zambiri ngati mwana ayambe ndi maliu a zilembo kapena aloweze mau athunthu. Buku la Rudolf Flesch la 1955 linakoleza moto umenewu, ndipo m'caka ca 2000 gulu la akatswiri loikidwa ndi Boma linagamula kuti maliu a zilembo aphunzitsidwe mwa dongosolo. Zimenezi munthu sazipeza m'digiri ya malamulo.

Kuyambira pamenepo funso linakhala lakuti, caka cacisanuco cifupikitsidwe kufikira pati? M'caka ca 1965 boma la Pulezidenti Lyndon Johnson linayambitsa Teacher Corps, gulu la anyamata ndi asungwana a digiri otumidwa ku masukulu a amphawi zaka ziwiri, alikuphunzitsa pansi pa mtsogoleri wozolowera ndi kuphunziranso pa yunivesite ya pafupi. Linatha kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. M'caka ca 1985 cigawo ca New Jersey cinatsegula khomo lina: wa digiri amene wakhoza mayeso a Boma alembedwe nchito pomwepo ndi malipiro ace, ndipo maphunziro a kaphunzitsidwe, maora 200, awatsirize ali pa nchito. Zigawo zambiri zinatsanzira. Ndipo m'caka ca 1989 msungwana wa pa yunivesite ya Princeton, Wendy Kopp, analemba ganizo limene linabala Teach For America caka cotsatira, lakuti okhoza koposa a m'mayunivesite aphunzitsidwe masabata owerengeka m'nyengo ya chuthi, kwa zaka zambiri asanu okha, ndi kupatsidwa kalasi zaka ziwiri. Ku Britain anatsanzira ndi Teach First m'caka ca 2002.

Njira zacidule zimenezi zinabweretsa anthu amene njira yakale ikadawataya: asilikali opuma, anthu otopa ndi nchito za m'maofesi, amai olera okha ana, onse amene sakanatha kukhala caka cathunthu opanda malipiro, zinalowetsanso aphunzitsi ambiri akuda ndi olankhula Cisipanishi. M'caka ca sukulu ca 2015 ndi 2016 aphunzitsi pafupi-fupi 18 mwa 100 ali onse a m'masukulu a Boma anali olowera pa makomo otere. Koma pali funso limene oyamikira njirazi sakonda kulimva: mphunzitsi wophunzira nchito ali pa nchito, kodi aphunzirira pa mwana wa yani? Sapezeka kawiri-kawiri m'masukulu a m'madera a olemera, kumene ofuna nchito aculuka ndipo makolo ali ndi mau. Apezeka m'makomboni a m'mizinda ndi m'midzi ya kutali, kumene aphunzitsi ena akana kupita. Ndipo mwana wa m'menemo, amene asowa mphunzitsi wodziwa koposa ana onse, angathe kulandira mlendo pa nchito caka ndi caka. Ofufuza anayesa kuyerekeza magulu awiriwa, ndipo zimene anapeza zasiyana-siyana. Pa masamu ena a njira yacidule anacita bwino ndithu. Cimene ambiri abvomerezana ndi cakuti mphunzitsi wa caka coyamba, wa njira iri yonse, acepa mphamvu pomyerekeza ndi wa caka cacitatu kapena cacisanu, ndi kuti wosakonzedwa bwino afulumira kusiya nchito.

Cifukwa ca ici mizinda ina inabwerera ku nzeru ya Cyrus Peirce ndi mai Mitchell. Ku Chicago m'caka ca 2001, ndi ku Boston m'caka ca 2003, anayamba njira yotengera madokotala, amene akatsiriza mabuku akhala m'cipatala pansi pa dokotala wamkulu. Wa digiri akhala caka cathunthu m'kalasi imodzi ndi mphunzitsi wozolowera, alandira kandalama ka cakudya ndi nyumba, aphunzira za m'mabuku pa nthawi zopatulidwa, ndipo alonjeza kuti atalandira laisensi adzaphunzitsa mumzindamo zaka zingapo. Njira imeneyi idya ndalama zambiri, ndipo ici ndico cailetsa kufala msanga.

Lero wa digiri wotsata njira ya ku koleji apeza zinthu ziri motere. M'makoleji ambiri ayamba waonetsa kuti pa digiri yace anaphunzirako Cingerezi, masamu, sayansi ndi mbiri, pakuti mphunzitsi wa pulaimale aphunzitsa zonse yekha. Cosowa ayenera kucikwaniritsa. Adindidwa zala kuti aone ngati alibe mlandu womletsa kukhala ndi ana. Aphunzira za kakulidwe ka mwana, kaphunzitsidwe ka kuwerenga ndi ka masamu, za ana olemala, ndi za ana amene kwao salankhula Cingerezi. Alemba mayeso a Boma, amene m'zigawo zambiri achedwa Praxis. Laisensi yoyamba ndi ya zaka zowerengeka cabe. Ku New York mphunzitsi apatsidwa zaka zisanu kuti apeze digiri ya Master ndi kuphunzitsa zaka zitatu asanalandire yokhazikika.

Pobvuta peni-peni ndi pa kuyesera m'kalasi. Ndiyo nyengo ya masabata 12 kufikira 16, nthawi zina kuposapo, imene wophunzira akhala ku sukulu tsiku lonse monga mphunzitsi ali yense, nakonza maphunziro a mawa usiku, koma kawiri-kawiri wopanda malipiro, pamene fizi ya koleji alikulipirabe. Mnyamata wosakwatira wogona kwa makolo ace apirira. Munthu wa zaka 35, wa ana awiri ndi nyumba ya lendi, ayenera kusiya nchito imene imdyetsa. Ndipo apa ndi pamene ambiri abwerera m'mbuyo, kapena alowera pa khomo lacidule. Zigawo zina zaona ici. M'caka ca 2022 Michigan inayamba kupatsa woyesera m'kalasi madola 9,600 pa teremu, ndipo Colorado inayamba thandizo lace caka comweco.